Kumanga shedi kuseri kwa nyumba ku Mulanje ndi ku Thyolo: mafunso ndi mayankho

Munthu akaganiza zomanga kanyumba kuseri kwa nyumba yake kosungiramo makasu, nkhuni, matumba a chimanga ndi nandolo, njinga yamoto ya kabaza kapena zipangizo za ukalipentala, nthawi zambiri saganizako n'komwe za ku khonsolo, chifukwa ambirife tinakula tikudziwa kuti chilolezo ndi nkhani ya anthu omanga nyumba zikuluzikulu m'tauni. Mayankho ali m'munsiwa akukhudza anthu okhala pa maboma a Mulanje ndi Thyolo, m'tauni ya Luchenza, m'malo ochitira malonda monga Chitakale, Limbuli, Nkando ndi Bvumbwe, komanso m'midzi yozungulira malowa.

Kodi kanyumba kakang'ono chotere kamafunikadi chilolezo?

Kamatha kufunika, ndipo kuchepa kwake pakokha sikukachotsa m'manja mwa lamulo. Kale, pansi pa lamulo la mu 1988 lotchedwa Town and Country Planning Act, ulamuliro wa zomangamanga unkagwira ntchito makamaka m'madera amene boma linachita kuwatchula kuti ndi oyenera kuyendera mapulani, monga mizinda ndi matauni. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano, Physical Planning Act, pamodzi ndi malamulo ena okhudza malo, ndipo kusintha kwakukulu kumene lamuloli linabweretsa n'kwakuti dziko lonse la Malawi tsopano limawerengedwa ngati dera loyendera mapulani. Lamuloli likamanena za chitukuko pa malo, limatanthauza ntchito yomanga ya mtundu uliwonse, komanso kusintha ntchito imene malo kapena nyumba imagwira.

Lamulo lomwelo lili ndi mndandanda wa ntchito zimene munthu amaloledwa kuchita popanda kulemba pempho, ndipo apa m'pamene anthu amasokonezekera, chifukwa aliyense amadziweruza yekha kuti shedi yake ili m'gulu limenelo. Woyenera kukuuzani ngati ili m'gulumo ndi ofesi ya mapulani ya khonsolo, osati mmisiri amene mwamulemba ntchito, pakuti iye chimene akufuna n'chakuti ntchito iyambe mawa. Ngati poloti yanu ili pa boma, ku Luchenza kapena pa malo ochitira malonda amene anadulidwa mapoloti, ndipo chimene mukufuna kumanga chili ndi maziko okumba, khoma la njerwa kapena la mabuloko ndi denga la malata, muyambe mwaganiza kuti chilolezo chikufunika, kufikira wa ku ofesiyo atakuuzani kuti ayi.

Ndimakhala kumudzi pa malo a makolo. Kodi nanenso ndipite ku khonsolo chifukwa cha nkhokwe kapena chisakasa?

M'zochitika za tsiku ndi tsiku, palibe amene amakwera minibasi kuchokera ku Thekerani kupita ku boma kukapempha chilolezo cha nkhokwe, khitchini ya udzu kapena chisakasa cha nkhuni, ndipo khonsolo nayonso siyendera zinthu zotere m'midzi. Koma zimenezi sizikutanthauza kuti kumudzi kulibe opempha. Kumeneko chilolezo chenicheni chili m'manja mwa eni mbumba ndi a nyakwawa, ndipo munthu amene wadumpha anthu amenewa amakumana ndi mlandu wovuta kuposa wa ku khonsolo.

M'maboma awiriwa, pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja, malo ambiri amayenda kuchikazi ndipo mwamuna amakhala pachikamwini. Mkamwini akafuna kumanga shedi ya njerwa ndi malata pa malo a kwa mkazi wake, ndi bwino kuti mkaziyo ayambe wawafotokozera atsibweni ake, amene ndi eni mbumba, ndipo iwo aloze pamene pakhoza kumangidwa. Chifukwa chake n'chakuti kachigawo kamene lero kakuoneka kongokhala kuseri kwa khitchini mwina kanalonjezedwa kale kwa mwana wamkazi wa m'bale wina woti adzamangepo akakula. Malo kuno ndi ochepa kwambiri. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 720,000 ku Thyolo ndi oposa 680,000 ku Mulanje, pamene gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'minda ya tiyi ndipo lina ndi phiri ndi nkhalango yotetezedwa. Pa malo opanikizika chotero, mzere umodzi wa nthochi kapena chitsa cha mango zimakhala malire amene anthu amafika nawo pa bwalo la mfumu.

Lamulo la malo a m'midzi la mu 2016, Customary Land Act, linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo pa gulupu aliyense, momwe wapampando amakhala gulupuyo ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo amayenera kukhala amayi. Kumene komiti yotere ikugwira ntchito, ndiyo yoyenera kuifunsa ngati pali kukayika pa malire. Nkhani imasintha mudzi ukayandikana ndi msewu waukulu kapena malo ochitira malonda, kapenanso ngati chomangidwacho ndi cha bizinesi: apo mawu a mfumu okha sakwanira.

Ndinagula malo kwa munthu ndipo a mfumu anasaina kalata. Kodi kalata imeneyo si chilolezo chomangira?

Ayi. Kalata ya a mfumu imachitira umboni za momwe malowo anafikira m'manja mwanu, koma siinena chimene mungamangepo. Umwini wa malo ndi chilolezo chomanga ndi zinthu ziwiri zosiyana, zoperekedwa ndi maofesi osiyana, ndipo ngakhale munthu amene ali ndi lizi ya zaka 99 yochokera ku Unduna wa za Malo amayenerabe kupempha asanamange. Ndipotu mwini lizi ali ndi ntchito yowonjezera yowerenga pepala lake, chifukwa m'menemo mumalembedwa ntchito imene malowo anaperekedwera, monga nyumba yokhalamo kapena malonda, ndi mfundo zina zimene akaziphwanya amakhala ataphwanya pangano lake ndi boma.

Kodi akamati malo anagawidwa malinga ndi ntchito yake amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti pa mapu a tauni kapena a malo ochitira malonda, akatswiri a mapulani anasonyeza kuti chigawo ichi ndi cha nyumba zokhalamo, ichi ndi cha masitolo, ichi ndi cha mafakitale ndi magalaja, ichi ndi cha sukulu kapena chipatala, ndipo ichi chisamangidwe kanthu chifukwa ndi msewu wam'tsogolo, manda, bwalo kapena njira ya madzi. Chigawo chilichonse chimakhala ndi miyezo yake ya kukula kwa poloti, gawo la poloti limene lingaphimbidwe ndi zomangamanga, ndi mpata woyenera kusiyidwa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali.

Shedi yosungiramo katundu wa pakhomo imagwirizana ndi chigawo cha nyumba zokhalamo, chifukwa ntchito yake ndi yothandizira nyumba yaikuluyo. Vuto limabwera pa muyezo wa gawo lophimbidwa. Mapoloti ambiri a pa boma ali kale ndi nyumba yaikulu, boyizikota, khitchini yapanja, bafa, chimbudzi ndi khola la nkhuku, moti shedi ikawonjezeredwa sipatsala pokumba chimbudzi china chakalecho chikadzaza, kapena pomwera madzi a mvula m'nthaka.

Ndipite ku ofesi iti, ndipo nditenge chiyani?

Ngati malo anu ali mkati mwa malire a tauni ya Luchenza, pitani ku khonsolo ya Luchenza, imene ndi yoima payokha ngakhale kuti tauniyo ili m'boma la Thyolo. Kwina konse pitani ku khonsolo ya boma lanu, ya Mulanje kapena ya Thyolo, ndipo mukafunse ofesi yoona za mapulani ndi chitukuko. Nkhani za lizi ndi malire a mapoloti zimadzera ku ofesi ya za malo, ndipo zina zimatumizidwa ku maofesi a Unduna wa za Malo a chigawo cha kummwera ku Blantyre.

Ulendo woyamba ukhale wongofunsa. Tengani pepala lililonse losonyeza kuti malowo ndi anu, chiphaso chanu cha unzika, ndi chojambula ngakhale cha pamanja chosonyeza poloti yonse, pamene pali nyumba, chimbudzi ndi msewu, pamene mukufuna kuika shedi, kutalika ndi kufupika kwake m'mamita, ndi mtunda wochoka pa shediyo kufika m'malire. Nenaninso mosabisa chimene mudzasungemo. Akakuuzani kuti pempho likufunika, mudzadzaza fomu ndi kupereka mapulani ojambulidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo pempholo limaunikidwa ndi komiti ya mapulani, momwe mumamveka maganizo a oona za zomangamanga, za umoyo ndi za malo. Akakuuzani kuti silikufunika, apempheni mwaulemu kuti akulembereni zimenezo, kapena lembani nokha tsiku ndi udindo wa amene wakuyankhaniyo, chifukwa ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa, ndipo wobwera pambuyo pake sadzadziwa zimene munakambirana pakamwa.

Zimafuna ndalama zingati?

Khonsolo iliyonse ili ndi mitengo yake younikira mapulani, imene imasintha nthawi ndi nthawi ndipo imatengera kukula ndi mtundu wa chomangidwacho. Funsani mtengo ku ofesi komweko, lipirani kwa wolandira ndalama wa khonsolo, ndipo mulandire lisiti. Ndalama yopatsirana kuseri kwa ofesi kuti munthu atseke maso si chilolezo, ndipo tsiku limene kalata yogwetsa idzafike, amene anailandirayo sadzakudziwani.

Kodi ndingamange shedi mogundiza mpanda, kuti khoma la mpandalo likhale khoma la kumbuyo?

Ili ndi funso limene limabwera kawirikawiri kuposa onse, chifukwa kumanga motero kumapulumutsa njerwa za khoma lathunthu, ndipo pa poloti yaing'ono kumaoneka ngati nzeru. M'kuona kwanga, m'pamenenso pamayambira mikangano yambiri ya mashedi, yoposa imene imayamba chifukwa chosowa pepala la ku khonsolo.

Choyamba, mpanda si malire nthawi zonse. Malire a poloti yoyezedwa amasonyezedwa ndi mabikoni, timiyala ta simenti tija timene oyeza malo amakwirira m'makona, ndipo mipanda yambiri inamangidwa poyerekeza chabe, ina molowa kwa mnansi, ina mosiya malo kunja. Musanakumbe maziko funafunani mabikoni anu, ndipo ngati anazulidwa kapena anakwiririka, itanani woyeza malo wovomerezeka kuti adzawabwezeretse mnansi wanu ali pomwepo. Kuzula kapena kusuntha bikoni mwa inu nokha ndi mlandu.

Chachiwiri, mpandawo mwina si wanu nokha. Ngati anamanga ndi mnansi, kapena munasonkherana, simungausenzetse denga popanda iye kuvomera. Komanso mpanda wambiri umamangidwa ndi njerwa imodzi pa maziko osazama, ndipo sunakonzedwe kuti unyamule mitengo ndi malata pa nthawi ya mphepo yamkuntho.

Chachitatu, ndipo ichi n'chachikulu kwa ife a kuno, ndi madzi a padenga. Mulanje ndi Thyolo ndi ena mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo ngakhale dzinja litatha, chiperoni chimanyowetsabe makoma m'miyezi ya June ndi July. Denga la shedi likapendekera kwa mnansi, madzi onse amathira pa khoma lake kapena m'bwalo mwake, ndipo ngati nyumba yake ndi ya zidina kapena yomangira dothi, dzinja limodzi ndi lokwanira kuifewetsa m'munsi. Denga lipendekere m'poloti mwanu, malata asadutse malire ngakhale pang'ono, ndipo madziwo muwakonzere ngalande yopita kumene madzi a m'deralo amapita kale. Mpata umene khonsolo imafuna pakati pa khoma ndi malire uli ndi zifukwa zooneka: kuti munthu athe kudutsa pokonza khoma, kuti mpweya ndi kuwala zifike m'mawindo a mnansi, ndiponso kuti moto ukabuka mu shedi momwe muli petulo wa njinga yamoto usalumphire nyumba ina. Kukula kwa mpatawo kumasiyana malinga ndi chigawo ndi kukula kwa poloti, n'chifukwa chake muyenera kuumva ku ofesi musanayambe, osati kutengera mmene anamangira a pafupi nanu.

Ngakhale zonse zitakhala m'malo mwake, kupita kwa mnansi kukanena kuti, "Achimwene, ndikufuna kuika kashedi apa, tabwerani mudzaone pamene ndayeza," kumatseka milandu yambiri isanabadwe.

Poloti yanga ili m'mbali mwa msewu. Kodi pali mtunda woyenera kusiya?

Ulipo, ndipo pa nkhani iyi palibe kukambirana. Msewu waukulu, monga wa M2 wochokera ku Limbe kudzera ku Bvumbwe, Thyolo, Luchenza ndi Mulanje mpaka pa chipata cha Muloza, uli ndi malo ake otetezedwa okwana mamita 60 m'lifupi, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuyeza kuchokera pakati pa msewu. Misewu yocheperapo ili ndi malo ocheperapo. Chomangidwa m'malo amenewa chimagwetsedwa msewu ukamakuzidwa kapena a bungwe loyang'anira misewu la Roads Authority akamachotsa olowerera, ndipo mwini wake sayembekezera chipukuta misozi ngati anamanga msewuwo ulipo kale. Anthu ambiri amayeza kuchokera m'mphepete mwa phula, n'kudzipatsa mamita angapo amene si awo.

Njanji yodutsa ku Luchenza kulowera ku Sandama nayonso ili ndi malo ake. Chimodzimodzi mawaya a ESCOM: kumanga kunsi kwa mawaya a mphamvu yaikulu n'koletsedwa, ndipo ngozi yake imayamba tsiku lokhoma denga lomwelo, pamene mmisiri akukweza lata lalitali m'mwamba. Onetsetsaninso kuti simukumanga pamwamba pa paipi ya Southern Region Water Board kapena ya madzi a m'mipope ya m'midzi yochokera m'phiri, chifukwa paipi ikaphulika okonza adzakumba pamene yadutsa, kaya pali shedi kaya palibe.

Kuseri kwa nyumba yanga ndi kotsetsereka ndipo kumunsi kuli mtsinje. Kodi zimenezi zikukhudza chilolezo?

Zikukhudza, ndipo khonsolo ikhoza kukana pempho pa chifukwa chimenechi chokha. Aliyense wa kuno akukumbukira mwezi wa March mu 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku otsatizana, nthaka ndi miyala zinatsetsereka m'mapiri, ndipo mitsinje monga Ruo, Thuchila ndi Likhubula inasefukira n'kukokolola nyumba, minda ndi milatho. Akuluakulu amakumbukiranso napolo wa ku Phalombe wa mu 1991. Malo a m'mphepete mwa mtsinje amatetezedwa ndi malamulo a za madzi ndi a za chilengedwe, ndipo si malo omangapo, ngakhale atakhala mkati mwa munda umene banja lanu lalima kuyambira kale.

Pa malo otsetsereka, cholakwika chofala n'kudula phiri kuti papezeke pathyathyathya, n'kusiya chikhoma cha dothi choima chilili kuseri kwa shedi popanda chochirikiza. Dothi lakatondo limaoneka lolimba m'chilimwe, koma likakhuta madzi limagumuka nthawi imodzi. Dothi limene mwakumbalo mukaliunjika kumunsi n'kumangapo, limatitimira ndipo khoma limang'aluka. Ngati pakufunika kudula kozama, pafunikanso khoma lochirikiza lokhala ndi mabowo otulutsira madzi, ndipo ntchito yotere yasiya kukhala ya kashedi wamba: ifunika munthu wodziwa za zomangamanga aione. Ganiziraninso amene ali kumunsi kwanu, pakuti madzi amene mwawatseka njira kumtunda amakatulukira pakhomo pa wina.

Kodi pali malamulo pa zipangizo zomangira?

Alipo angapo oyenera kuwadziwa. Mu 2018 bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Shedi ya pakhomo si imene malamulowa analunjikapo, koma ngati chimene mukumanga ndi cha bizinesi, yembekezerani kufunsidwa za mabuloko a simenti kapena njerwa za makina zosawotcha.

Pa mitengo, samalani ndi matabwa a mkungudza. Mtengo umenewu, umene mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje ndipo ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mozemba, ndipo aliyense amadziwa chifukwa chimene amisiri amaukondera: chiswe sichiudya ndipo suola msanga. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo lamulo la za nkhalango la mu 1997, limene zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limagwira wodula, wonyamula ndi wosunga yemwe. Wokugulitsani matabwa usiku pa mtengo wotsika akukugulitsaninso mlandu. Mitengo ya bulugama ndi matabwa a paini ogulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka amakwanira bwino pa shedi, malinga apakidwe mankhwala a chiswe ndipo nsanamira zisakhudzane ndi dothi lonyowa.

Nanga ndikaika kontena kapena shedi ya malata okhaokha, imene ndingaichotse tsiku lililonse?

Mawu akuti "ndi yongoyembekezera" samasula munthu. Kontena ikakhazikika pa poloti miyezi ndi zaka, imatenga malo, imathira madzi ndipo imatchinga mnansi mofanana ndi nyumba ya njerwa, choncho khonsolo ili ndi mphamvu yoifunsa. Miyezo ya malire, ya msewu ndi ya mawaya a magetsi imaikhudza chimodzimodzi.

Shedi ikatha, kodi ndingaisandutse chipinda cha lendi, okala kapena khola?

Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa mashedi ambiri samwalira ali mashedi. Chaka choyamba mumakhala makasu ndi matumba, chaka chachiwiri mwagona mphwanu amene wabwera kudzafuna ganyu ku esiteti, ndipo chaka chachitatu pakhomo pamatidwa pepala lakuti chipinda chilipo cha lendi. Pamaso pa lamulo, kumeneku ndi kusintha ntchito ya nyumba, ndipo kumafuna chilolezo chakechake ngakhale simunawonjezere njerwa ndi imodzi yomwe. Chipinda chogona anthu chimayenera kukhala ndi mawindo okwanira, mpweya wodutsa, pansi posalowa chinyezi ndi chimbudzi chokwanira anthu onse a pamalopo, zinthu zimene shedi siimangidwa nazo. Kugoneka munthu m'kachipinda kopanda zenera, iye n'kulowetsamo mbaula ya makala usiku wa chiperoni, ndi njira imene anthu amafera m'tulo.

Okala, malo ometera, shopu yowotcherera zitsulo kapena chigayo ndi malonda, ndipo zimafuna kuti chigawocho chikhale chololeza malonda otero, kuwonjezera pa laisensi ya bizinesi. Okala yaing'ono ikhoza kuloledwa pakati pa nyumba zokhalamo, koma chigayo ndi zowotcherera zimabweretsa phokoso, fumbi ndi katundu wolemera pa magetsi, ndipo anansi ali ndi ufulu wodandaula.

Khola nalo lili ndi mbali yake. Ku Bvumbwe ndi madera ena a Thyolo mabanja ambiri amaweta ng'ombe za mkaka m'khola pakhomo, ndipo kumudzi zimenezi ndi zachizolowezi. Pa poloti ya m'tauni, khola la ng'ombe kapena la nkhumba limagwa m'manja mwa a zaumoyo, amene lamulo la za umoyo wa anthu limawapatsa mphamvu yolamula kuti chonunkha, choitana ntchentche kapena chothira zonyansa m'ngalande chichotsedwe. Ngati mukudziwa kale kuti cholinga chanu ndi chimodzi mwa zimenezi, pemphani chimenecho poyambirira pomwe, m'malo molemba kuti ndi shedi.

Ndimachita lendi, kapena ndimakhala m'nyumba ya kuntchito. Kodi ndingamange?

Simungamange popanda chilolezo cholembedwa cha mwini nyumba, ndipo pempho la ku khonsolo limayenera kudzera mwa iye. Izi zikukhudza nyumba za anthu wamba, za Malawi Housing Corporation, za boma zokhalamo aphunzitsi, apolisi ndi a zachipatala, komanso nyumba za antchito m'minda ya tiyi, zimene zili pa malo a kampani. Gwirizananinso polemba za chimene chidzachitike tsiku losamuka, chifukwa chomangidwa chokhazikika m'nthaka chimatsalira mwini malo, ndipo mkangano wa malata ndi zitseko pa tsiku lotuluka ndi wodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pa lendi.

Ndinamanga kale popanda kufunsa. Chingandichitikire n'chiyani?

Khonsolo ili ndi mphamvu yokupatsani kalata yoimitsa ntchito ngati mukumangabe, kapena kalata yokulamulani kuti mukonze, musinthe kapena mugwetse chomangidwacho pofika tsiku lotchulidwa. Mukanyalanyaza, ikhoza kugwetsa yokha n'kukulipiritsani ndalama zimene yawononga, ndipo nkhaniyo ikhoza kufika ku khoti. Kalata yotere isang'ambidwe kapena kubisidwa m'sutikesi. Pitani nayo ku ofesi imene yaitumiza nthawi yotchulidwayo isanathe.

Ngati kalata sinabwere, mukhoza kupita nokha kukapempha kuti chomangidwacho chiunikidwe ndi kuvomerezedwa. Shedi imene ili mkati mwa poloti yanu, yosalowa mu msewu, yosakhala kunsi kwa mawaya ndiponso yosavutitsa mnansi ili ndi mwayi wovomerezedwa, mwina mutalipira chindapusa kapena mutasintha zina monga kupendeka kwa denga. Imene ili m'malo a msewu kapena m'mphepete mwa mtsinje ilibe mwayi umenewo, ndipo kuli bwino kuiphwasula nokha mwadongosolo, malata ndi mitengo zikadali zogwiritsika ntchito, kusiyana n'kudikira kuti adzagwetse ena. Nkhaniyi imadzukanso pa nthawi yogulitsa nyumba kapena yoikita chikole ku banki, pamene woyesa mtengo wa nyumba amayerekeza zimene zili pa malopo ndi mapulani ovomerezeka.

Pempho langa lakanidwa, kapena mnansi wamanga shedi yondivutitsa. Ndikadandaule kuti?

Pempho likakanidwa, pemphani zifukwa zake polemba. Kawirikawiri chifukwa chimakhala chokonzeka, monga kusendeza shedi kuchoka m'malire kapena kuichepetsa, ndipo kukonza pulani n'kuiperekanso n'kwachangu kuposa kukangana. Ngati mukuona kuti simunaweruzidwe mwachilungamo, lamulo la mu 2016 linakhazikitsa bungwe la Physical Planning Council, limene limamva madandaulo otsutsa zigamulo za makomiti a mapulani, ndipo dandaulo limayenera kuperekedwa msanga chifukwa nthawi yake ndi yoikika.

Za mnansi, yambani ndi kulankhula naye maziko akadali pansi, chifukwa munthu amavomera kusendeza chingwe choyezera mosavuta kusiyana ndi kugwetsa khoma lofika pa lintala. Zikakanika, kumudzi pitani kwa a nyakwawa, kenako kwa gulupu, ndipo milandu ya malo a m'midzi ili ndi mabwalo ake kuyambira pa mfumu yaikulu ya dera. Pa boma ndi ku Luchenza, mfumu ya m'dera lanu kapena khansala akhoza kukuyanjanitsani, koma dandaulo lokhudza kumanga mophwanya mapulani lilembedwe kupita ku khonsolo, ndipo musunge kope lake lodindidwa. Musagwetse kapena kuzula nokha chimene mnansi wamanga, ngakhale chitalowa kwanu, chifukwa mukatero mlandu wa malire umasanduka mlandu wowononga katundu, ndipo woyankha ku polisi mumakhala inu.

Ndi nthawi iti yabwino yoyamba zonsezi?

Komiti ya mapulani sikhala tsiku lililonse, choncho pempho loperekedwa mu October, munthu akuthamangira kufolera mvula yoyamba isanagwe, limam'peza atayamba kale kumanga. Miyezi ya January ndi February ndi yabwino kuyendera ku ofesi, ndipo ili ndi phindu linanso: mvula ikamagwa, tulukani ndi ambulera mukaime pamene mukufuna kumangapo, muone kumene madzi akuchokera, pamene akudikha ndi kumene akutulukira, kenako mukhome zikhomo pa malo amene atsala ouma. Kumanga kwenikweni kuyambe mvula itasiya, kuyambira mu May kupita m'tsogolo, ndipo ngati mukuumba zidina, dikirani chiperoni chidutse, muumbe mu August kapena September pamene dzuwa likhoza kuziumitsa.